Phapo Lobooka ndi Gitala la Sekope

Lachiwiri, 7 Meyi

Andigoneka muno kuyambira Loweruka, koma lero ndi pamene dzanja lavomera kugwira cholembera. Mkazi wanga Lesieli wandibweretsera kope kuti ndizilembamo zonena adokotala, ati chifukwa ine ndimamva zokhazo zomwe ndikufuna kumva.

Zinachitika chonchi. Loweruka tinali pa maliro a mkulu wa mpingo m'mudzi wa Vaini, bandi yonse itavala zakuda ndi mikeka m'chiuno monga mwa mwambo wathu wa pamaliro. Tikuperekeza bokosi kumanda, ine ndili patsogolo monga mwa nthawi zonse, ndinakweza lipenga kuti ndikwere mawu apamwamba aja. Basi china chake chinang'ambika m'chifuwa chakumanja, ngati munthu wandilasa ndi chikwanje. Mpweya osalowa. Ndinakhala pansi pakati pa msewu, pamaso pa mudzi wonse, ine Penisimani amene sindinakhalepo pansi nyimbo isanathe. Amayi ena anasiya kulira bokosi n'kuyamba kulira ine.

Akuti phapo lakumanja labooka n'kuphwa ngati chubu cha njinga. Andiboola pakati pa nthiti n'kulowetsa paipi, paipiyo yapita m'botolo la madzi pansi pa bedi. Ndikatsokomola madziwo amabwata. Zaka zoposa makumi atatu ndakhala ndikuliza lipenga loyamba m'bandi ya mpingo wathu. Lero ndikuliza botolo.

Lachitatu, 8 Meyi

Amatidzutsa tambala asanaganize n'komwe zolira, kudzatiyeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi. Akatha amati, "Gonani tsopano, mupume." Kadzutsa ndi buledi ndi tiyi amene shuga anangomuonera patali. Mapiritsi awiri opha ululu katatu pa tsiku, ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno.

Dokotala wanga ndi Kalolaine, kamtsikana komwe ndinkakaona kakuthamanga kopanda nsapato pabwalo la tchalitchi. Lero kakoloweka choyezera m'khosi, kakundifunsa ngati ndinasutapo fodya. Ndati ndinasiya kalekale. Lesieli wati, "Anasiya pa Khirisimasi yapitayi." Anamufunsa ndani?

Wandipatsa kachidole ka timipira titatu, ati ndizikoka mpweya kuti timipirato tizikwera. Kamodzi kakwera, tiwiri takana. "Mwayesetsa, bambo," watero dokotalayo. Mwayesetsa! Kuuza ine, pa nkhani ya mpweya.

Lachisanu, 10 Meyi

Pa bedi la kumanzere kwanga pagona tsoka lotchedwa Sekope. Kwawo ndi kuzilumba za Ha'apai koma anakhazikika kuno kulikulu, ku Nuku'alofa, ankayendetsa basi. Chimunthu chonenepa ngati mgolo. Matenda a shuga amudya kale zala ziwiri za phazi lamanzere ndipo bala lake silikupola. Anamwino anamuletsa zamafuta ndi zotsekemera. Mwana wake wamkazi, Seini, akangotuluka, anzake omwa nawo kava, chakumwa chathu cha mizu chochititsa dzanzi pakamwa, amamulowetsera nyama ya nkhosa yokulunga m'masamba a koko, ataibisa m'thumba la zovala. Amadya atafunda nsalu kumutu, ngati fungo limaopa nsalu.

Dzulo anzakewo anabweretsa choipa choposa nkhosa: gitala. Chibokosi chong'aluka pamimba, chomata ndi tepi. Amachikwapula masana onse. Nsambo yachiwiri yatsika, yachisanu yakwera, zala zake zimangogwera pomwe zafuna. Nyimbo zake ndi zomwe zija za pa kava: mtsikana wapita, ngalawa yapita, mwezi wapita. Aliyense amangochoka m'nyimbo zimenezi, ndipo ine ndikuwamvetsa.

"Akulu," wanditero lero, "ndamva kuti ndinu a lipenga aja munagwa pamaliro."

"Sindinagwe. Ndinakhala pansi."

"Eya, oledzera onse amatero."

Wodi yonse kuseka, ngakhale mkulu wa pakona uja amene sadziwanso dzina lake. Sekope wayamba kunditcha Bwana Lipenga.

Loweruka, 11 Meyi

Andijambulanso pachifuwa. Phapo ladzuka pang'ono koma likutulutsabe mpweya. Botolo likubwatabe.

Lesieli wabweretsa chilazi ndi nsomba yophika mu mkaka wa kokonati. Pakamwa pakenso wabwera napo. Sekope atayamba phokoso lake, mkazi wanga m'malo motseka makutu wamwetulira n'kunena kuti, "Mukudziwa, amuna angawa, bambo a Talita, kale anali katswiri wa gitala."

Sekope anaima nsambo zili m'malere. "Awa? Bwana Lipenga?"

Lesieli anati, "Ndinawadziwira pa gitala. Ine ndikutunga kava, iwo atakhala potero, akuimba maso ali pa ine mpaka chikho kutayika."

Ndamuuza kuti nsomba ikuzizira. Zoonadi ndinaliimbapo, ndili mnyamata wopanda chochita. Aliyense wopanda chochita kuno amaimba gitala: ana, asodzi, akaidi. Kenako ndinakula. Ndinalowa m'bandi, ndinaphunzira kuwerenga nyimbo papepala, ndinavala yunifolomu yamabatani owala. Gitala ndinapatsa mphwanga ndipo sindinalifunsenso. Lipenga silikulola kunama, ukalakwitsa mudzi wonse umamva. Pa gitala munthu amabisala kuseri kwa anzake asanu, onse atachita dzanzi pakamwa, palibe akumva mnzake.

Ndamuuza zimenezi Sekope. Wati, "Inu mumaimbira akufa, n'chifukwa chake palibe anakudandaulanipo."

Lolemba, 13 Meyi

Bowo silikutsekeka lokha. Mawa athira ufa woyera kudzera m'paipi, ati upse m'katimo kuti phapo limamatire ku nthiti. Dokotala Kalolaine wati zidzawawa "pang'ono". Ndikuwadziwa madokotala ndi pang'ono wawo.

Ndamufunsa za msonkhano waukulu wa mpingo mwezi wamawa. Pali nyimbo yomwe lipenga loyamba limaimba lokha, bandi yonse ili chete, anthu ochokera kuzilumba zonse atadzaza bwalo. Ndaiimba chaka ndi chaka. Wayankha kuti, "Tiyambe taona phapoli." Wayang'ana pepala, osati ine.

Lachiwiri, 14 Meyi

Athira. Moto.

Lachitatu, 15 Meyi

Thupi latentha. Jakisoni wopha ululu, diripi padzanja. Amanditembenuza uku ndi uku ngati nkhumba yapamoto kuti ufawo ufike ponseponse.

Sekope sanaimbe dzulo ndi lero. Sindinamupemphe.

Lachisanu, 17 Meyi

Botolo lasiya kubwata. Ndinaganiza kuti ndi nkhani yabwino, mpaka dokotala atakoka nsalu kuzungulira bedi n'kukhala pampando. Dokotala akakhala pansi, dziwa kuti zavuta.

Wandionetsa chithunzi chomwe anandijambula ndi makina akuluakulu. Phapo lakumanzere nalonso lili ndi matuza pamwamba, opyapyala ngati khungu la anyezi. Ati ndikapuma monga munthu wamba, akhoza kukhala chete mpaka ndidzakalambe. Ndikaliza lipenga, limodzi lidzaphulika, ndipo mwina sadzandipeza msanga ngati ulendo uno.

"Mpaka liti?" ndamufunsa.

"Osalizanso, bambo."

"Ndikufunsa kuti mpaka liti."

"Ndakumvani. Osalizanso."

Ndamuuza kuti ndinayamba kuliza lipenga amayi ake asanakwatiwe. Wati akudziwa, ndinaimba pa ukwati wawo. Wadzuka n'kutsegula nsalu ija, ngati kuti nsalu imatsekereza mawu. Wodi yonse yamva. Aliyense akuyang'ana kudenga.

Lesieli walira. Ine ayi. Timipira takwera tiwiri.

Lamulungu, 19 Meyi

Tchalitchi itatha, bandi yabwera kudzandiona. Sanawalole kulowa ndi zida zoimbira, ndiye afola pa udzu kunja kwa zenera, mayunifolomu atasitidwa, dzuwa likuwala pa mkuwa. Anamwino akankhira bedi langa pazenera ngati akuonetsa mtembo.

Pamalo panga paima Feleti. Ndinamuphunzitsa ndekha, kuyambira pomwe ankagwira lipenga ngati akumwa madzi a m'botolo. Wakhala kumbuyo kwanga zaka zambiri akuwerenga imvi zanga. Ayamba nyimbo ya msonkhano ija. Ndinatchera khutu kudikira pokwera paja, pomwe iye nthawi zonse amasweka mawu ngati tambala wachinyamata. Ndinali nditakonza kale nkhope yomumvera chisoni.

Sanasweke. Wakwera, wakhala pamwambapo, watsika mwaulemu. Waimba bwino, galu ameneyu.

Atatha wabwera pazenera, chipewa m'manja. "Akulu, tangogwirizira malo anu mpaka mudzachire."

"Wapuma molakwika pa mzere wachitatu," ndamuuza. Bodza.

Kenako wakanda kumutu n'kunena kuti abusa amafunsa za lipenga lija, poti ndi la mpingo, ndipo lake lili ndi batani lomata. Adzabweranso Lamulungu likudzali, ngati Lesieli angalibweretse kuno. Munthu sunafe, ayamba kale kukuyeza nsapato.

Lolemba, 20 Meyi

Sekope wayambiranso. Ndapirira mpaka chakudya chamasana, kenako ndalephera.

"Bweretsani kuno chinthucho."

"Mukufuna muchiswe?"

"Ndikufuna ndichichune, chingandiphe phapoli lisanandiphe."

Wandipatsira kudzera kwa namwino. Chopepuka ngati dengu. Ndapotokola tizikhomo take mpaka nsambo zonse zagwirizana. Khutu lokha ndilo silinabooke. Ndisanabweze, dzanja lamanzere linapita lokha pakhosi pa gitala, kufuna pomwe linkagwira kale. Zomwe zinatuluka ndi kulira kwa chitseko. Ndabweza msanga.

"Katswiri uja ndi ameneyu?" watero Sekope.

Iye atalitenga ndamuyang'anitsitsa zala. Sizikugwera pomwe zafuna monga ndinkaganizira. Sakuzimva. Amayang'ana chala chilichonse ndi maso n'kuchiika pansambo ngati akuika cha munthu wina. Shuga wamulowa m'manja momwe. Wandiona ndikuyang'ana. "Zinayamba chaka chatha," watero. "Zili ngati ndavala magolovesi." Izi sizisintha kanthu, kuimba koipa ndi koipa basi.

Lachiwiri, 21 Meyi

Lero nsalu aikokera kwa Sekope. Dokotala wamkulu wa maopaleshoni wabwera yekha. Phazi lada, kuwola kwafika pa akakolo. Akufuna adule mwendo m'munsi mwa bondo. Fungo lake tonse tinalimva kale, timangonamizira ngalande.

Sekope wakana. Ati anabwera ndi miyendo iwiri, adzapita kwa Mulungu ndi iwiri. Ati kwawo ku Ha'apai kuli mayi wina wodziwa masamba, anachiritsapo msuweni wake. Seini wagwada pansi, wamugwira dzanja, "Bambo, chonde sainani." Iye wayang'ana kukhoma. Mwana wamkazi uja watuluka akulira.

Ndinafuna kukhala chete, koma uchitsiru ukakhala pafupi chonchi umandiyabwa.

"Chimunthu chonsechi kuopa mpeni? Gitala mumaimba ndi mwendo?"

"Zanu izo, Bwana Lipenga."

"Masamba! Mukufuna akukulungeni m'masamba ngati nkhosa mumadya mobisa ija? Ine andilanda chinthu chomwe ndinali nacho chokhacho, simunandimve ndikulira. Inu mukulirira nyama yowola. Mantha basi."

Anatembenuka pang'onopang'ono, bedi likulira. Nkhope yopanda nthabwala, koyamba chibwerereni.

"Wamantha ndani? Inu muli ndi manja awiri amoyo, khutu labwino, gitala lili apa. Dzulo munalibweza ngati lakuotchani. Mukuopa kuti anthu amva Penisimani wamkulu akulakwitsa. Ine ndikuopa kufa pa tebulo. Inu mukuopa kusekedwa. Wamantha weniweni ndani pamenepa?"

Ndamuuza kuti sindiimba zoseweretsa ana.

"Chabwino. Tsiku lomwe mudzaimbe nyimbo yathunthu pa gitala ili, pamaso pa anyamata anu a bandi, ine ndidzasaina. Poti simudzatero, ndisiyeni ndi mwendo wanga."

"Ndamva," ndatero. Namwino amene ankasintha diripi wati naye wamva.

Lachitatu, 22 Meyi

Andichotsa paipi. Anati ndikoke mpweya ndigwire, n'kuisolola ngati akuzula chinangwa. Asoka ndi ulusi. Koma pabowopo patupa ndipo pakutuluka mafinya, ndiye ndikhala muno mpaka jakisoni wa m'mitsempha athe.

Ndatenga gitala. Osati chifukwa cha iye. Sindilola woyendetsa basi kunditcha wamantha pamaso pa namwino.

Tsopano ndaona chomwe lipenga landichita. Pa lipenga zimagwira ntchito ndi zala zitatu za kumanja. Dzanja lamanzere limangonyamula, ngati msomali wokolekapo chipewa. Zaka zonsezi lakhala likudya zaulere. Lero ndalipempha ligwire nsambo zitatu nthawi imodzi, likunjenjemera ngati nkhalamba. Nsonga za zala zofewa ngati za khanda. Posakhalitsa zinali zitalembeka mizere yofiira.

Mutu ukukumbuka zonse. Zala zikuti sitikukudziwani.

Lachisanu, 24 Meyi

Sekope wadziika yekha kukhala mphunzitsi. Amagona chagada, maso otseka, thukuta lili kamukamu, n'kumalamula.

"Chala chapakati chitsike. Chitsike! Mukuopa kuti chithyoka?"

"Mukusinthiranji mochedwa? Basi yanga inkasintha magiya msanga kuposa pamenepo."

"Nanga mukupumiranji? Gitala lilibe mapapo."

Apa wanena zoona, ngakhale sindinamuuze. Pothera pa mzere uliwonse ndimaima n'kukoka mpweya, dzanja n'kuimanso. Milomo nayo imadzikonza yokha ngati pakubwera lipenga. Thupi lonse likudikira chida china.

Chinanso: ine ndinazolowera kuimba mawu amodzi, apamwamba, ena onse akunditsata. Apa ndiyenera kukhala pansi pa nyimbo, kunyamula ena. Ntchito ya wantchito.

Ndasankha nyimbo ya m'buku la mpingo, yosinthira patatu pokha, poti tsikulo ndi Lamulungu ndipo sindingaimbe za atsikana othawa pa ngalawa. Chala cholozera chatuluka thuza. Ndamuuza Sekope kuti Lamulungu lino sizitheka, ndikufuna sabata ina. Feleti adzabwere Lamulungu linalo.

"Tengani ngakhale chaka," watero. Sanadye nkhosa ya lero. Anzake abwerera nayo.

Loweruka, 25 Meyi

Dokotala Kalolaine anabwera kudzaona bala langa. Likuuma. Atatha sanachoke. Anatsitsa mawu.

"Ndamva za pangano lanu ndi bambo Sekope."

"Ndi nthabwala za odwala."

"Kwa iwo si nthabwala. Ndawapempha kawiri lero, akungoti funsani Bwana Lipenga. Akudziwa kuti simudzaimba, n'chifukwa chake anasankha zimenezo. Kufiira kwadutsa pakati pa katumba. Sabata inayo yomwe mukufunayo iwo alibe."

"Ndiye mlandu ukhale wanga? Ndine ndinamudyetsa nkhosa?"

"Sindinatero, bambo. Ndangokuuzani za mwendo."

Anthu a chipatala ndi ochenjera. Alephera ntchito yawo, akuisenzetsa munthu wa phapo limodzi ndi theka.

Ndayeserera mpaka thuza laphulika. Pakali pano nyimboyo ndimaifikitsa kumapeto kamodzi pa maulendo angapo, ndipo ngakhale pamenepo imamveka ngati munthu akutsika masitepe atanyamula ndowa. Lesieli anakhala pampando akusenda lalanje. Pochoka wafunsa ngati lipenga alibweretse mawa. Ndati bweretsa.

Lamulungu, 26 Meyi

Ndilemba zonse, kuti wina asadzawonjezere.

Abwera asanu ndi mmodzi, Feleti patsogolo, mayunifolomu ali phuliphuli, ndi dengu la chilazi ndi nkhumba yowotcha lochokera kwa abusa. Malipiro a lipenga, kunena kwake. Lesieli anali ataika bokosi la lipengalo kumiyendo kwa bedi. Sindinalitsegule. Ndinalikankha ndi phazi. Feleti analinyamula ndi manja awiri n'kuyamba kalankhulidwe komwe anakonzera kunyumba, za zaka zanga ndi za chitsanzo changa.

"Khala pansi," ndinamudula. "Nonse khalani."

Ndinatambasula dzanja kwa Sekope. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ofiira ndi malungo. Seini ndiye anatenga gitala n'kundipatsa.

Anyamata a bandi anayang'anana. Ine amene ndinkawathamangitsa pa maphunziro ndikamva kuti dzulo lake anali ku kava ndi magitala.

Ndinayamba. Kugwira koyamba kunalira bwino. Posintha, chala chinatera pa nsambo ina, phokoso lake ngati mphaka wapondedwa. Mnyamata wa ng'oma anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Ndinaona. Ndinapitiriza. Mawu anga ndi a munthu wopanda mpweya, amatha mzere usanathe. Pa ndime yachiwiri ndinasochera kotheratu, ndinaima, wodi yonse zii. Pa lipenga sindinaimepo pakati pa nyimbo kufikira tsiku la maliro lija.

"Bwererani poyambira mzere," anatero Sekope, mawu ofooka. "Simunathe."

Ndinabwerera. Lesieli analowa ndi mawu achiwiri, pansipansi, kunditsekera mabowo. Kenako Seini, kenako odwala, poti kuno munthu sangamve nyimbo ya m'buku n'kutseka pakamwa. Pofika ndime yomaliza gitala silinkamvekanso n'komwe, ndipo mwina ndi chifundo cha Mulungu chimenecho. Pa nsambo panali magazi.

Feleti anawomba m'manja. "Zokoma kwambiri, akulu." Bola mnyamata wa ng'oma uja, anaseka moona mtima.

Sekope anati, "Chiyambireni kumva gitala, sindinamvepo zonyansa chonchi." Kenako anauza Seini kuti akaitane namwino abwere ndi pepala lija. Cholembera chinkamupulumuka, mwana wake anachita kumugwirizira dzanja.

Nkhumba ya abusa ndagawira anamwino.

Lolemba, 27 Meyi

Sekope amutenga m'mawa kupita naye ku opaleshoni. Pomukweza pa kabedi kamatayala anandigwira malaya. Dzanja lotentha ngati mwala wa pamoto.

"Ndikapanda kubwera, anyamata anu a malipenga asayandikire maliro anga."

"Sangabwere n'komwe. Timaimbira anthu odziwika."

Anaseka mpaka kutsokomola, anamwino n'kumukankha.

Bedi lake alichotsa nsalu zonse. Tsiku lonse wodi ili chete monga ndinkafunira chibwerereni muno. Chete wake wopanda ntchito. Timipira takwera tonse titatu, panalibe womuuza.

Madzulo Seini anabwera. Akuti bambo ake atuluka ku opaleshoni, ali moyo. Adula pamwamba pa bondo, osati m'munsi, poti kuwola kunali kutakwera. Amugoneka ku chipinda cha odwala kwambiri.

Pamwamba pa bondo. Dokotala akuti ngakhale akanasaina Lachiwiri mwina zikanakhala chimodzimodzi. Mwina.

Lachiwiri, 28 Meyi

Jakisoni womaliza mawa. Bala louma, achotsa ulusi. Andijambula, phapo lamamatira bwino.

Gitala analisiya pansi pa bedi lake. Ndalitenga kuti oyeretsa angaliponde. Poti linali kale m'manja, ndayeserera pang'ono. Nsonga za zala zayamba kulimba. Posintha pachiwiri paja sindikuimanso. Ndi chida chopusabe, koma chili ndi kanthu kena komwe ndinaiwala: umatha kuimba uku ukulankhula, ngakhale kutukwana. Pa lipenga pakamwa pamakhala potseka.

Lachinayi, 30 Meyi

Anditulutsa lero. Malamulo a Dokotala Kalolaine: osanyamula zolemera, osakwera ndege mpaka adzandione, osasambira pansi pa nyanja, osasuta, osaliza lipenga, ngakhale kufufumitsa baluni ya mdzukulu. Ndibwerenso pakatha milungu iwiri. Ndamuuza kuti wagwira ntchito yake mosalakwitsa kwambiri. Wati ndi mawu okoma kuposa onse amene wamva kwa ine.

Sekope anamubweza muwodi dzulo. Waphwa nkhope, malungo atsika. Pansi pa nsalu, kumanzere, pali phiri lomwe limathera panjira, kenako bedi lokhalokha. Sayang'anako. M'mawa ndinamuona akupukuta maso ndi ngodya ya pilo, ndinayang'ana kuzenera mpaka atatha.

Lesieli atamanga katundu, ndinapita kukamubwezera gitala lake.

"Ndilitani ine?" anatero, akundionetsa manja. "Pitani nalo. Mudzabwere nalo ku kalabu yathu ya kava ndikatuluka, Lachisanu lililonse. Tili ndi oimba bwino okwanira, tikusowa wotiseketsa."

"Sindidzapondako."

"Chabwino. Taimbani kaye ija ya Lamulungu, ndione ngati mwendo wanga unapita pa zinthu zenizeni."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi lake, pamalo pomwe pakanakhala mwendowo, poti mpando unali ndi katundu. Ndinayamba. Ndime yoyamba inadutsa yosagwa. Iye maso otseka, mutu ukugwedezeka pang'ono. Pakati pa ndime yachiwiri anakwinya nkhope.

"Mukuthamanga."

"Sindikuthamanga. Ndatsogolera bandi inu musanaphunzire kuliza hutala."

"Mukuthamanga, Bwana Lipenga. Phazi langa likuponda nyimbo, inu mukulisiya m'mbuyo."

Ndinayang'ana phazi lake lamanja. Linali duu, osagwedezeka.

"Phazi liti?"

"Lomwe anataya lija. Likuponda bwinobwino, ndikulimva."

Ndinafuna kumuyankha, mawu anali kale pakamwa. Koma ndinamvetsera dzanja langa, ndipo phazilo linkanena zoona. Ndinachepetsa liwiro, tinaimaliza pamodzi.